Nthambi za Mwala

Ku Mangalande sindinapite ndi nzeru zanga. Amene anapita ndi nzeru zawo ndi akazi anga, mayi a Tadala, omwe anali namwino ndipo anapeza mwayi wokawonjezera maphunziro ku Birmingham. Ine ndinangolembedwa pa mapepala awo ngati wowaperekeza. Bambo anga, amene anali kalipentala wodziwika kwathu ku Dedza, atamva nkhaniyi sanadzutse n'komwe mutu pa thabwa limene ankapala.

"Chikamwini timachidziwa," anatero, "koma chokwerera ndege ndiye ndachimva lero."

Mwana wathu Tadala tinamusiya m'manja mwa mayi anga ali ndi zaka zinayi. Tsiku lonyamuka sanalire. Ankaganiza kuti tikupita ku Lilongwe kukamugulira nsapato.

Tinapeza kachipinda kam'mwamba ku Aston, m'nyumba ya Mmwenye wina wachikulire. Bwalo la mpira linali pafupi, ndipo Loweruka masana phokoso la anthu linkalowa m'chipindamo ngati mvula ikubwera kuchokera kuphiri. Mayi a Tadala ankachoka m'mawa ndi mabuku awo, ine n'kutsala ndikuyang'ana madenga a eni ake. Munthu wozolowera kubwera kunyumba manja ali gwaa ndi simenti, tsopano ndinali wotsuka mbale ziwiri n'kudikira dzuwa limene silinkatuluka.

Lamulungu tinkakumana ndi Amalawi anzathu m'kaholo kena kobwereka. Ambiri anali ophunzira, ena atamaliza kale n'kuyamba ntchito za m'maofesi. Anali anthu abwino, koma funso lawo linali limodzi.

"Ndiye achimwene mukupanga chani, masters?"

"Ayi, ine ndine womanga."

"Oo, civil engineering?"

"Ayi, njerwa ndi matope."

Ankaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Akazindikira kuti ndikunena zoona, ankayamba kundifunsa za nyengo.

Ntchito inabwera chifukwa cha kampanda ka kuseri kwa nyumba kamene kanagwa ndi mphepo. Ndinapempha eni nyumba kuti ndikamange, kungoti manja apeze chochita. Mlamu wawo, dzina lake Gurdev, anaima pamenepo akundiyang'ana mmene ndinkayalira njerwa. Iye ankagwira ntchito yocheka miyala ndi makina pa yadi ina ku Smethwick. Mlungu wotsatira ananditengera kumeneko.

Pa yadipo ankakonza miyala ya matchalitchi akale. Ine ndinayamba ndi tsache ndi wilibala. Ndinkasesa fumbi, kukanda njereza ndi mchenga, ndi kuthandiza kukweza miyala pa mabenchi osemerapo. Kuzizira kwa m'shedimo sindidzakuiwala. Zala zinkauma mpaka polephera kumanga batani la malaya. Nthawi yopuma Gurdev ankandigawira chapati zimene akazi ake ankamukulungira m'kansalu, tikuotha kachitofu ka gasi, aliyense akufotokoza za kwawo kumene mnzake sadzakuona.

Mmisiri wamkulu anali a Harold, munthu wamfupi, wa imvi, wosakonda kulankhula. Anali atasema miyala kuyambira ali mnyamata, ndipo fumbi linali litawakhala m'chifuwa. Akatsokomola ankagwira benchi ndi manja onse awiri. Miyezi yoyambirira sindikukhulupirira kuti ankadziwa dzina langa.

Tsiku lina tinakwera galimoto ya pa yadi kupita kumudzi wina kunja kwa mzinda, kumene kunali tchalitchi chomangidwa zaka mazanamazana zapitazo ndi mwala wofiirira. Kum'mawa kwa tchalitchicho kunali zenera lalitali kuposa nyumba ya bambo anga. M'munsi mwake munali timizati tamwala tatatu, topyapyala ngati ntchafu ya munthu. Pamwamba timizatito tinkapindika, n'kugawikana, n'kukumananso, kupanga timabwalo ndi masamba, ena atatuatatu, ena anayianayi, ndipo m'mipata yonseyo munali magalasi amitundu. Eni ake amati tracery. Chichewa chake sindinachipeze, ndiye polembera bambo kalata ndinangoti nthambi za mwala.

Titakwera pa nsanja ndinaona chimene anatiitanira. Utsi wa mafakitale ndi mvula zinali zitadya mwalawo mpaka ukaukhudza unkayoyoka ngati chigumu chouma. Anthu ena amene anakonzapo kale analumikiza miyala ndi zitsulo, zitsulozo zinachita dzimbiri, n'kutupa, n'kung'amba mwala kuchokera m'kati. Akatswiri a magalasi anachotsa magalasi awo, ife tinatsitsa miyala umodziumodzi, uliwonse titaulemba nambala, n'kupita nayo ku Smethwick.

A Harold anayala matabwa opyapyala pansi m'shedimo, nawapaka utoto woyera, n'kujambula zenera lonse kukula kwake kwenikweni. Anagwiritsa ntchito kampasi yaitali yojambulira mabwalo ozungulira ndi chingwe basi. Ine ndinkawagwirira nsonga ya chingwe. Ndinkaganiza kuti nthambi zija anthu akale ankangozipinda mmene mtima wafunira, koma ndinaona kuti iliyonse ndi chidutswa cha bwalo, ndipo bwalo lililonse lili ndi pakati pake pamene liyenera kupezeka. A Harold anakwawa ndi mawondo masiku atatu kufunafuna pamene munthu wakaleyo anabaya kampasi yake. Akapapeza ankangoti, "Ndakugwira," ngati akulankhula ndi mnzawo wobisala.

Masana ena, anzanga atapita kukagula chakudya, ndinatola chibenthu cha mwala chotayidwa, n'kutenga tchizulo ndi nyundo yamtengo. Ndinkangofuna kumva mmene mwala wa kumeneko umayankhira. Sindinamve kuti a Harold aima kumbuyo kwanga.

"Nyundo umagwira ndi dzanja limenelo nthawi zonse?" anafunsa.

Ndinachita manyazi n'kuisinthira kumanja. Ine ndine wamanzere chibadwire. Kusukulu ankandimenya pa zala, ndipo bambo anga ankati kalipentala wamanzere amawononga zipangizo za anzake. N'chifukwa chake ndinathawa matabwa n'kukaphunzira zomanga.

"Ibwezere kumene inali," anatero a Harold. "Tabwera kuno."

Ananditengera pa mwala umodzi wakale, nautembenuza kuti ndione mbali imene inakhala yobisika m'khoma zaka zonsezo. Kumeneko mvula sinafikeko, ndipo mikwingwirima ya tchizulo inali yooneka bwino ngati yasemedwa dzulo. Anatenga chala changa n'kuchiyendetsa pamenepo.

"Ukuona kumene ikupendekera? Ine ndikasema imagwera uku. Iyi ikugwera uko. Amene anasema mbali iyi ya zenera anali wamanzere ngati iwe."

Ndinangokhala chala chili pa mwala. Munthu wopanda dzina, wa mtundu wina, amene mafupa ake anasanduka dothi kalekale, ankaima pa benchi mmene ndimaimira ine, ndipo palibe anamulanda nyundo.

Kuyambira tsiku limenelo tsache ndinalisiya. A Harold anandiyambitsa ndi kusalaza mwala kuti ukhale wathyathyathya, ntchito imene ndinaichita milungu yambiri mpaka ndinayamba kuilota. Kenako anandiphunzitsa kuika chitsanzo chodulidwa pa lata pamwamba pa mwala, kulemba mzere, n'kuchotsa pang'onopang'ono zonse zimene sizili zenera. Anandiphunzitsa kukumba kangalande kolowamo galasi. Ankaphunzitsa ndi mawu ochepa. Akaona kuti ndikumenya mwaukali, ankangogogoda benchi langa ndi chala, n'kupitirira.

Mwala woyamba wa nthambi umene anandipatsa unali wa pamene nthambi ziwiri zimasiyana, wokhala ndi kansonga kamene kamalowa m'kati mwa tsamba. Ndinausema milungu itatu. Tsiku loti ndimalize, ndikusalaza kansongako, ndinamva kulira kwina kosiyana ndi kwa masiku onse. Kansonga kanagwera pansi, n'kugubuduka mpaka pa nsapato ya Gurdev.

A Harold anabwera, natola kachidutswako, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mwina mwalawu unali ndi mng'alu m'kati," anatero.

Ndinadziwa kuti akunditsegulira khomo lothawira. Mtima unafuna kutulukira pomwepo.

"Ayi, bambo. Mwala unali wabwino. Ndinamenya molozetsa kunja chifukwa ndimafulumira."

Anagwedeza mutu, n'kuponya kachidutswako m'wilibala.

"Ine ndaswa yambiri kuposa imene iwe waigwirapo. Gurdev, mudulire wina."

Mwini yadi atamva anafuna kuti ndibwerere ku tsache. Ndinawamva akukangana ndi a Harold mu ofesi, chitseko chili chotseka. Zimene a Harold ananena sindikuzidziwa, koma m'mawa mwake ndinapeza mwala watsopano uli pa benchi langa.

Zaka zinapita motero. Zenera lija linali ntchito yapang'onopang'ono, chifukwa anthu a tchalitchicho ankasonkha mothandizana, ndipo nthawi zina tinkalisiya miyezi n'kukagwira kwina. Kumudzi tinkatumiza chithandizo ndi zovala za Tadala, zimene nthawi zambiri zinkafika zitamuchepera. Makalata ankalemba ndi mng'ono wanga Yohane, amene anatsala akugwira ntchito ndi bambo. Kalata ina inatiuza kuti mlongo wanga Esnati wamwalira atadwala nthawi yaitali. Pamene inkatipeza n'kuti ataikidwa kale milungu iwiri. Tsiku limenelo ndinapitabe kuntchito, chifukwa sindinadziwe kwina kopita. Gurdev anakhala nane pa benchi nthawi yonse yopuma, ndipo zinandikwanira.

Manja a a Harold anayamba kunjenjemera. Ntchito yosalala ya nsonga ndi masamba anayamba kundisiyira, iwo n'kukhala pampando pambali panga. Tsiku lina anandiuza kuti alankhula ndi mwini yadi kuti anditumize kukoleji tsiku limodzi pa mlungu, ndikapeze pepala la umisiri. Mwezi womwewo mayi a Tadala anamaliza maphunziro, ndipo chipatala china ku Stoke chinawalonjeza ntchito. Tinayamba kukambirana zoitanitsa Tadala. Kwa nthawi yoyamba ndinaona ngati dziko lija likhoza kukhala lathu.

Kenako inabwera kalata ina ya Yohane. Bambo anagwa ali pa benchi lawo, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Amalankhula movutikira, sangathe kudzuka okha. Yohane sanalembe kuti bwerani. Anangomaliza ndi mawu akuti, "Ndati ndikudziwitseni nthawi ilipo, kusiyana ndi za Esnati."

Kalatayo ndinayenda nayo m'thumba masiku awiri. Loweruka tikugula zinthu ku Cape Hill, ndinaitulutsa n'kupatsa mayi a Tadala tili chiimire pakhomo pa sitolo. Anaiwerenga kawiri.

"Bambo a Tadala, mukapita mukudziwa kuti kubwerera kudzavuta. Mapepala anu amangidwa pa anga, ndipo anga akusintha. Za kukoleji zija zithera pomwepa."

"Ndikudziwa."

"Ine kontirakiti ndasaina kale. Sindingaisiye."

"Sindikukupemphani kuti muisiye."

Anapinda kalatayo bwinobwino n'kundibwezera. Maso awo anali atafiira, koma mawu anali okhazikika.

"Pitani. Mukapanda kupita mudzakhala nane kuno ngati mlendo moyo wanu wonse. Ndipo mwana uja akufunika mmodzi wa ife."

Lolemba ndinauza a Harold. Pa zenera lija panali patatsala miyala itatu yokha, ya pamwamba penipeni, ndipo umodzi unali pa benchi langa utafika pakati. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndege yako ndi ya liti?"

"Lachisanu."

"Ndiye maliza uwu. Iwiri inayo ndiyesa ndekha, manja akalola." Anatsokomola, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. "Bambo anga anamwalira ine ndili pa nsanja ku tchalitchi china kumpoto. Tchalitchicho chilipobe. Sichinandithokozepo."

Ndinamaliza mwalawo Lachinayi masana. A Harold anauyendetsa chikhatho mbali zonse, osapeza cholakwika, n'kundigwira dzanja. Gurdev anandiperekeza mpaka pokwerera basi atandinyamulira chikwama cha zovala zantchito. Zenera ndinalisiya lili zidutswa zoyalidwa pansi m'shedi, chilichonse ndi nambala yake.

Kwathu ndinapeza dziko litasintha. M'minibasi anthu ankatsutsana za ndale mokweza mawu, zimene pamene ndinkachoka munthu sakanayerekeza. M'mbali mwa msewu akalipentala anali atayala mabokosi a maliro poyera ngati mipando yogulitsa. Pa shedi ya bambo napo, pamene kale pankatuluka zitseko ndi matebulo, Yohane ankakhoma mabokosi omwewo, chifukwa ndiwo ankagulidwa.

Tadala anali wamtali kufika pachifuwa panga. Mayi anga atamuitana, anabwera n'kugwada patali, n'kundipatsa moni wa alendo.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, mwana wanga. Ukundidziwa?"

"Eya. Ndinu a pa chithunzi."

Atatero anadzuka n'kukaima kumbuyo kwa Yohane, atagwira malaya ake. Zinatenga miyezi kuti ayambe kundiuza yekha za kusukulu, ndipo sindinamukakamize.

Yohane anandilandira mwaulemu, koma ulemu wake unali wozizira. Tsiku lachitatu tikusenza matabwa, ndinamuuza kuti ndinkayesetsa kutumiza chithandizo mwezi uliwonse.

"Munkatumiza, achimwene, sindikukana," anayankha. "Koma envelopu sinyamula munthu kupita naye kubafa."

Ankanena zoona. Kuyambira m'mawa mwake ntchito yosambitsa bambo, kuwaveka ndi kuwatulutsa padzuwa inakhala yanga. Anali atapepuka kwambiri. Munthu amene ndinkamuopa ubwana wanga wonse ndinkamunyamula ngati mtolo wa mapesi. Poyamba ankatembenuzira nkhope kumbali ndikamawasambitsa. Patapita nthawi anazolowera, n'kuyamba kundilamula ndi dzanja lawo lamoyo kuti madzi achepa kutentha. Masana ndinkagwira maganyu omanga maziko a nyumba kufupi, madzulo n'kukhala nawo pakhonde. Za ku Mangalande sankafunsa, ndipo ine sindinkaziyamba.

Ku Mangalande sindinabwererekonso. Mayi a Tadala anakhala ku Stoke zaka zina zingapo asanabwere, ndipo ukwati wathu nthawi yonseyo unkayenda pa makalata. M'kalata ina, chilimwe chitayamba kwathu kuno, analemba kuti Gurdev anawaimbira foni kuwauza kuti zenera laikidwa. A Harold anamaliza okha miyala iwiri ija, ngakhale inawatengera miyezi, ndipo atatha anapuma ntchito. Mayi a Tadala, tsiku lawo lopuma, anakwera sitima ndi mabasi awiri kukafika kumudzi kuja. Anapeza mayi wina akukonza maluwa m'tchalitchimo, namuuza kuti amuna awo anasema nawo zeneralo. Mayiyo anawalowetsa n'kuwasiya akhale pa benchi nthawi yonse imene anafuna. M'envelopumo munali chithunzi chimodzi.

Anachijambula ali m'kati, dzuwa lili kunja. Magalasi anatuluka owala, ofiira, obiriwira ndi amtambo, tsamba lililonse ndi kabwalo kalikonse pamalo pake. Koma mwala wonse unatuluka wakuda bii. Zaka zanga zonse za pa benchi zinali mizere yakuda pakati pa kuwalako.

Ndinapita nacho pakhonde pamene bambo anakhala, n'kuchiika m'dzanja lawo lamoyo. Anachiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikizanso.

"Nthambi zija ndi zimenezi?" anafunsa. Mawu ankatuluka mokoka, koma ndinali nditazolowera kuwamva.

"Ndi zimenezo, bambo."

"Zako ndi ziti?"

"Zakudazo. Kuyambira apa, kukwera mpaka apa."

"Mwala umodzi?"

"Ayi, ndi yambiri. Mbali iyi yokha ilipo isanu ndi inayi."

Anayendetsa chala chachikulu pa mizere yakudayo, monga ankachitira pofufuza chitseko cha wophunzira asanachilole kutuluka pa shedi.

"Polumikiza pali pati?"

Ndinawalozera malo atatu. Anayang'anitsitsa paliponse, nthawi yaitali.

"Sindikupaona," anatero. Anandibwezera chithunzicho n'kutsamira khoma. "Ndiye kuti unagwira ntchito."

Ndinkadziwa kuti pa chithunzi chakuda chotero, ngakhale ntchito ya mmisiri woledzera sikanaoneka polumikiza. Ndikukhulupirira kuti iwonso ankadziwa. Palibe mwa ife anazitchula. Tinakhala pakhondepo mpaka mthunzi unafika pamapazi awo, ndipo ndinawanyamula kulowa nawo m'nyumba.